Sizasi imene inatafuna m'malo modula

Mawu a usiku umenewo

Padutsa zaka, koma mawu amene a clinical officer ananena usiku umenewo sanandichoke m'khutu. Sanakalipe. Anangokweza sizasi pansi pa getsi la m'fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, n'kuiyang'ana mopendeketsa, kenako ananena motsitsa kuti, "Anesi, iyi ikutafuna."

Anatsitsa mawu chifukwa mayi amene anagona pathebulo anali maso. Anali atabayidwa jakisoni wa pamsana, ndiye kuchokera m'chiuno kupita kumiyendo sankamva kanthu, koma makutu ake ankagwira chilichonse chimene tinkanena kuseri kwa nsalu yobiriwira imene inatchinga nkhope yake.

Sizasiyo ndinawapatsa m'manja ndi ine. Ndipo m'chipinda monse muja, munthu mmodzi yekha amene ankadziwa chifukwa chake inabuntha analinso ine.

Masizasi atatu pa thireyi

Ukangolowa kumene ntchito ya m'fiyeta, zitsulo zonse zimaoneka ngati ana a mayi mmodzi. Zonse n'zonyezimira, zonse n'zozizira, zambiri zili ndi timabowo tiwiri tolowetsamo zala. Pamatenga nthawi kuti dzanja lizizindikira lokha maso ali kwina.

Pa thireyi yathu ya siza, opaleshoni yotulutsa mwana ija, pankayenera kukhala masizasi atatu. Yoyamba ndi Mayo yowongoka, yonenepa, yodulira ulusi. Yachiwiri ndi Mayo yopindika, yodulira minofu yolimba ngati kachikopa koyera kamene kamakuta minofu ya pamimba. Dzina lake linachokera ku chipatala cha abale awiri aja, William ndi Charles Mayo, ku Rochester m'chigawo cha Minnesota ku America. Yachitatu ndiye mwini nkhani ino, Metzenbaum, imene tonse timangoti Metz.

Metz ndi yowonda. Chogwirira chake n'chachitali, mano ake ndi aafupi, ndipo nsonga zake n'zobulungira, sizibaya. Yathu inali ya masentimita 18, yopindika pang'ono kumapeto. Anaipanga motero ndi dokotala wa ku Cleveland, Myron Metzenbaum, amene anabadwa mu 1876 n'kumwalira mu 1944. Iyeyu ankachita maopaleshoni a mphuno, m'kamwa ndi pakhosi, malo opanikizika kumene dzanja silikwanako ndipo mnofu wake ndi wopyapyala. Chogwirira chachitalicho chimathandiza kuti zala zikatseguka kwambiri kunja kuno, nsonga zitseguke pang'ono chabe mkati muja.

Ukaona munthu wodziwa akuigwira, umazindikira kuti kudula ndi gawo laling'ono la ntchito yake. Chala chachikulu chimalowa bowo limodzi, chala chovala mphete bowo linalo, chamkombaphala chimagona pamwamba pafupi ndi sikuluwu kuti nsonga isagwedezeke. Amailowetsa ili yotseka pakati pa minofu iwiri yomatana, n'kuitsegula pang'onopang'ono ili momwemo. Minofu ija imalekana yokha monga mmene khungu la nthochi limalekanira ndi chipatso. Katsalako kokha, kopyapyala moti ukuona nsonga ya chitsulo kuseri kwake, ndi kamene amadula. Ndipo amadula ndi nsonga yeniyeniyo, osati pakati pa mano.

Ndiye Metz ikafa kunsonga, yafa yonse.

Mmene ndinaiphera

Sindinaigwetse pansi, sindinaipinde. Ndinaipha pang'onopang'ono, masana, pa ntchito zazing'ono zimene palibe amene ankaziyang'ana.

Mayo yowongoka ya pa thireyi imeneyo inali itasowa. Wina anaibwereka kupita nayo kuwodi kukadulira mabandeji ndipo sinabwerenso, monga zimachitikira m'zipatala zathu zambiri kumene sizasi imodzi imagwira ntchito ya makomo atatu. Opaleshoni ikafika kumapeto, a clinical officer akusoka khungu ndi ulusi wa nayiloni, pankafunika wodula ulusi uja pa mfundo iliyonse. Mayo yopindika inkandilemera m'manja ndipo nsonga yake inkanditchingira mfundo. Metz inali yopepuka, yokoma kuigwira. Ndinayamba kudulira imeneyo. Kenako ndinadulira gauze, kansalu kopukutira magazi. Tsiku lina kapaipi ka pulasitiki kotulutsira madzi a m'bala. Tsiku lina pulasitala, imene imasiya ulimbo wake pamano.

Sister wamkulu wa m'fiyeta anandiona kamodzi. Anali mayi wachikulire, wosalankhula zambiri, amene anayamba ntchito ine ndisanabadwe. Anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Mwanawe, Metz sadulira ulusi." Ndinayankha kuti, "Chabwino Sister," ndipo kwa masiku angapo ndinasiya. Koma mumtima ndinkaona ngati ndi amodzi mwa malamulo aja amene akuluakulu amasunga chifukwa iwonso anawapeza. Chitsulo chodula mnofu wa munthu chingagonje bwanji ndi kaulusi? Atapita kutchuthi, ndinayambiranso.

Cha m'ma 1 koloko

Mayiyu anabwera pa ambulansi kuchokera ku chipatala chaching'ono cha kumudzi. Inali mimba yachitatu, ndipo ana awiri oyambawo anabadwanso pa siza. Matenda anamuyamba madzulo ali kunyumba. Pofika kwa ife mtima wa mwana unali utayamba kutsika. Mtima wa mwana wosabadwa umayenera kugunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi, koma azamba ankaumva ukutsika kufika pansi pa 100 mimba ikakoka, ndipo unkachedwa kubwerera.

Mimba imene inang'ambidwapo kawiri siili ngati yoyamba. Mkati mumakhala zipsera, ndipo ziwalo zimene zimayenera kutsetsereka momasuka zimamatana. Chikhodzodzo chimakhala kutsogolo kwa chiberekero, m'munsi, pamalo enieni amene timadula kuti mwana atuluke. Mwa mayiyu chinali chitakwera n'kumatirira pachipsera chakale. Kuti a clinical officer afike pa chiberekero, ankayenera kuchisenda kaye n'kuchitsitsa.

Anatambasula dzanja osandiyang'ana. "Metz."

Ndinaiika m'manja mwawo. Anailowetsa, anatsegula, minofu inalekana pang'ono. Atati adule, ndinaona ndi maso angawa kamnofu kaja kakupindika n'kulowa pakati pa mano awiri a sizasi, osaduka. Anatsegula n'kuyesanso. Kanapindikanso, ulendo uno kanakokeka. Apa m'pamene anaikweza pagetsi n'kunena mawu aja.

"Pali ina?"

Thireyi ina ya siza inali itagwira ntchito madzulo omwewo ndipo inali isanaphikidwe ndi nthunzi yophera majeremusi. Sister, amene anali atabwerako kutchuthi ndipo usiku umenewo anali wothamangathamanga kunja kwa thebulo, sanayankhe n'komwe. Ndinangomva mabuti ake akulowera kuchipinda chosungira zida. Anakatsegula thireyi yaikulu ya maopaleshoni a m'mimba kuti atengemo sizasi imodzi yokha, podziwa kuti thireyi yonseyo ikatsegulidwa iyenera kukaphikidwanso.

Mphindi zimenezo sindinaziwerenge, koma ndimakumbukira zimene zinali m'menemo. Kulira kwa kamakina koyeza mtima wa mayi. Ogonetsa odwala akusisita mayiyo pachipumi. Ndipo mayiyo, kuseri kwa nsalu, akufunsa ndi mawu ang'onoang'ono kuti, "Adokotala, mwana watuluka?"

"Tatsala pang'ono, mayi. Pumani bwinobwino."

A clinical officer sanadikire manja ali chete. Mtima wa mwana sukanalola. Anapitiriza kusenda ndi chala chokulunga gauze komanso Mayo yopindika, chida chonenepa pa ntchito yofuna chowonda. Metz yatsopano itafika anamaliza msanga, anadula chiberekero, n'kutulutsa mwana wamwamuna, wofooka, wosalira. Azamba anamutenga, anamupukuta mwamphamvu, anamupopera mpweya ndi kachikwama kothandizira kupuma. Ine maso anali pa thireyi, makutu ali kungodya kwa chipinda. Kenako kunamveka kakulira kosasa, kenako kulira kwenikweni. Mayi uja anayamba kuyamika Mulungu mobwerezabwereza.

Titasoka chiberekero, a clinical officer anayang'ananso pamalo paja. Anapempha kuti tilowetse madzi a mankhwala a buluu m'chikhodzodzo kudzera pa kapaipi ka mkodzo. Tonse tinawerama. Kadontho ka buluu kanatulukira pakhoma la chikhodzodzo, kenako kena. Panali kabowo kakang'ono ngati njere ya mpunga.

Anakasoka mizere iwiri ndi ulusi wosungunuka wokha, tinayesanso, sipanadonthe. Analemba m'faelo kuti kapaipi ka mkodzo kakhale masiku 14.

Kuchipinda chotsukira

Kunja kukuyera, ndinapeza Sister ataima pa sinki, Metz yakale ija ili m'manja. Ndinawauza zonse, za ulusi, za pulasitala, za kuyambiranso iwo atachoka. Ndinkayembekezera kuti akandinenera kwa a matron. Iwo anangotenga golovesi yakale yotsuka, anadulako kachidutswa, n'kundipatsa pamodzi ndi sizasiyo.

"Dula ndi nsonga."

Mphira uja unapindika n'kukanirira pakati pa mano. Anandipatsa Metz ya m'thireyi yaikulu. Inadutsa osamveka n'komwe, mpaka kumapeto.

Pomwepo ndinawaona amayi anga. Amayi anali telala, makina awo a Singer ankakhala pakhonde, ndipo sizasi yawo yaikulu inkagona m'kabokosi ka makinawo itakulungidwa m'kachidutswa ka chitenje. Pakhomo pathu unkatha kubwereka mpeni, singano, ngakhale tepi yoyezera, koma sizasi imeneyo ayi. Ndili Sitandade 5 ndinadulira katoni ya ntchito ya kusukulu. Sanandimenye. Anandipatsa kansalu koterera ka diresi la mkwatibwi kuti ndidule, ndipo kanatafunika m'mphepete monse. Phunziro lomwelo ndinali nditalilandira ndili mwana, pakhonde la kwathu, ndipo ndinalisiya pakhomo la fiyeta poganiza kuti zida za kuchipatala n'zamtundu wina.

Sister anandionetsa zimene palibe anandionetsapo kusukulu ya unamwino. Anaikweza pawindo itatsekedwa kuti ndione kuti mano awiri a sizasi sagonerana fulati. Ndi okhota pang'ono kwambiri, loyamba kulowera kwa linzake, kotero kuti potseka amakhudzana pamalo amodzi okha, ndipo malo amenewo amayenda kuchokera kusikuluwu mpaka kunsonga. Kudula konse kumachitikira pakamalo kameneko. Ukadulira chinthu cholimba, mano owonda a Metz amakankhidwa n'kutalikirana, m'mphepete mwake mumachita timano tosaoneka, ndipo kunsonga kumatsala mpata. Mnofu wonyowa ukapeza mpata umenewo umalowamo.

"N'chifukwa chake sungapite nayo kwa bambo aja onola mipeni kumsika," anatero. "Angainole n'kuwala, koma achotsa kukhota kwake. Ibwera yakuthwa koma yosadula."

Ndinawafunsa ngati bowo lija linabwera chifukwa cha ine. Anandiuza kuti ndikafunse amene anagwira mpeni. Nditawafunsa a clinical officer masana ake, anati chipsera chinali cholimba, ndipo pa siza yachitatu chikhodzodzo chimatha kubooka ngakhale zida zonse zili bwino. Ndikudziwa kuti ananena zoona. Koma ndinaona kamnofu kaja kakukokeka, ndipo ndinaona dzanja lawo likugwira chida chosayenera chifukwa choyenera chinawakana. Mawu awo sanandichotsere zimenezo.

Ndowa ya klorini

Kuyambira sabata imeneyo ndinapempha kuti ndizikhala nawo potsuka ndi kulongedza zida, ntchito imene ambiri amaisiyira otithandiza aja ovala yunifolomu yobiriwira, amene wodwala sadziwa n'komwe dzina lawo. Kumeneko n'kumene ndinaona kuti sindinali ndekha wopha masizasi.

Tinali ndi ndowa ya madzi a klorini imene zida zonse zinkaponyedwamo opaleshoni ikatha. Tinaphunzitsidwa kuti zikhalemo mphindi 10. Usiku wotanganidwa zinkakhalamo mpaka m'mawa. Klorini amadya chitsulo. Amasiya timaenje ting'onoting'ono ndi dzimbiri mozungulira sikuluwu, ndipo amayambira pomwe chitsulo n'chopyapyala, kutanthauza pamano. Mu 2016 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo osamalira zida za kuchipatala, ndipo linanena kuti zida zisamaviikidwe mu klorini zisanatsukidwe, chifukwa amaziwononga komanso magazi amamufooketsa. Koma chizolowezi chikakhazikika m'chipinda chotsukira, sichichoka ndi pepala. Zinatengera Sister kuima pa sinki masiku ambiri kuti ndowa ija isiye kukhala mogona zida.

Panalinso kalongedzedwe. Zida zolemera zokokera mimba zinkaunjikidwa pamwamba pa Metz, n'kuipsinja nsonga. Masizasi ankalowa mu autoclave, makina ophikira zida ndi nthunzi, ali otseka, pamene amayenera kulowa otsegula kuti nthunzi ifike paliponse. Nthunzi ija imafika madigiri 121, m'makina ena 134, ndipo kagazi kalikonse kotsalira m'mphako ya sikuluwu kamapserera pomwepo n'kulimbitsa sizasi. Ndinaphunzira kutsuka mphakoyo ndi kaburashi, kuumitsa, kudontheza mafuta ake apadera amene nthunzi imadutsamo, ndi kuika zowonda pamwamba.

Ndinaphunziranso kuwerenga mitundu ya zogwirira. Sizasi ya zogwirira zagolide ili ndi mano oikidwa chitsulo cholimba kwambiri chotchedwa tungsten carbide, ndipo imakhala yakuthwa nthawi yaitali. Tinali nayo imodzi yokha, ya mphatso, ndipo Sister ankaidziwa ngati mwana wawo. Zida zambiri za opaleshoni padziko lapansi zimasulidwa ku Sialkot m'dziko la Pakistan ndi ku Tuttlingen ku Germany. Kuchokera kumeneko kufika pachipatala cha boma cha kuno ndi ulendo wa mafomu ndi miyezi. Sizasi ikafa lero, ya m'malo mwake sibwera mawa.

Izi zimandipweteka ndikamva anthu akukamba za maopaleshoni m'dziko muno ngati kuti vuto ndi madokotala okha. Inde ndi ochepa, ndipo m'zipatala za m'maboma siza zambiri amachita ndi ma clinical officer, anthu amene ndawaona akupulumutsa miyoyo ndi zida zimene kwina akanazitaya kalekale. Koma dzanja laluso likalandira sizasi yotafuna, luso lija limathera panjira. Tisanayambe opaleshoni timawerenga zida ndi gauze mokweza, tikamaliza timawerenganso, kuti pasatsale kanthu m'mimba mwa munthu. Usiku uja chiwerengero chinali chokwana. Metz inalipo, tinaitchula, tinaichonga. Palibe anafunsa ngati imadula.

Masiku 14

Mayi wa siza akakhala bwino amatuluka pakatha masiku atatu kapena anayi. Uyu anakhala milungu iwiri. Ndinkadutsa kuwodi tsiku lililonse ndikaweruka, ngakhale sinali ntchito yanga. Ndinkayang'ana thumba la mkodzo lopachikidwa m'mbali mwa bedi. Masiku oyamba unali wofiirira, kenako unayera. Ndinkaonetsetsa kuti kapaipi sikanapindike, chifukwa chikhodzodzo chosokedwa chikadzaza, ulusi umatha kumasuka. Ndinkadziwa kumene nkhani yotere imathera ikalakwika. Ndinaonapo amayi odontha mkodzo usana ndi usiku, amene amatumizidwa ku Bwaila ku Lilongwe kukasokedwa fistula, ena atasiyidwa kale ndi amuna awo.

Womudikirira anali mayi ake, gogo wamfupi wa mpango wofiira, amene ankagona pansi pa bedi pa chitenje ndi kuphika kukhitchini ya magadiyani. Mvula yoyamba inagwa iwo ali m'chipatala. Tsiku lina ndinawapeza ataima pakhonde la wodi akuyang'ana madzi akutsika padenga.

"Anzathu akudzala," anatero. "Ife mbewu ili m'thumba."

Ufa umene anabwera nawo unali wa masiku anayi. Ana awiri aja anawasiya kwa neba. A clinical officer anali atawafotokozera kuti chikhodzodzo chinabooka pa opaleshoni ndipo chinasokedwa, ndipo gogoyo anangoti, "Bola moyo, adokotala." Ankandithokoza ndikabwera. Ankati, "Anesi inu muli ndi mtima wabwino, mumatiyendera." Mawu amenewo ankandilemera kuposa kukalipiridwa. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinawabweretsera ufa ndi kapenta, ndipo ndinakhala pansi pambali pawo n'kuwauza kuti chida china chimene ndinkayenera kusamala ine sichinagwire bwino ntchito usiku uja. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti, "Ndiye mwachikonza?"

Ndinati chachotsedwa, ndipo zotsalazo ndikuziyesa ndekha chimodzichimodzi.

"Chabwino," anatero. "Pakubwera enanso."

Pa tsiku la 14 anachotsa kapaipi m'mawa. Tinamupatsa madzi ambiri akumwa n'kudikira. Cha m'ma 10 koloko anadzuka pang'onopang'ono atagwira pamimba, mayi ake atamugwira mkono, n'kulowa kuchimbudzi. Ine ndinaima pakhomo la wodi mwana ali m'manja mwanga. Atatuluka, azamba anayang'ana nsalu imene anavala. Inali youma. Anayang'ananso masana, ndi madzulo. Youma.

M'mawa mwake ananyamuka, gogo atasenza beseni la mapoto ndi zofunda, mayi atafukata mwana m'chitenje chatsopano. Ndinawaperekeza mpaka pageti pamene pamaima njinga za kabaza ndi minibasi. Nditabwerera kuchipinda chotsukira ndinapeza mathireyi anayi akudikira kukulungidwa. M'thumba la yunifolomu munali kachidutswa ka golovesi. Ndinatsegula thireyi yoyamba, ndinatenga Metz, n'kuyamba ndi nsonga.